Kofiya Yosatha ya Abiti Mdoka

Tsiku lina titangoswali Asiri, pemphero lija la chakumadzulo, Che Likwanya anabwera kudzaonana ndi mphunzitsi wathu, Shehe Twaibu. Che Likwanya anali mwini sitolo pa Ntaja, munthu wokonda zinthu zowongoka, moti ngakhale ndevu zake zinkaoneka ngati wachita kuyeza ndi chingwe. Anawapeza Shehe pakhonde akusoka kofiya, ntchito imene ankagwira akapuma kuphunzitsa.

Atapatsana salamu, mlendoyo anatulutsa kofiya yoyera m'thumba. Inali yapamanja, ya timabowo tija amaboola ndi singano n'kutizunguliza ulusi kamodzikamodzi mpaka maluwa aoneke. Mbali imodzi inali yokongola zedi. Mbali inayo kunali timabowo tokhatokha topanda ulusi.

"Shehe, iyi ankandisokera mayi anga, Abiti Mdoka, Allah awachitire chifundo. Tinawaika mwezi wathawu. Ndabwera kuti mundimalizire."

Shehe anaitembenuza n'kuipapasa ndi chala.

"Apa panadutsa kale ulusi, achimwene. Anaumasula ndani?"

Che Likwanya anayang'ana pansi.

"Ndine, Shehe. Maso awo atayamba kufooka, mizere inkangopita mokhota. Ndinaopa kuti anthu akandiseka kumzikiti, ndiye ndinadula ndi lumo kuti ndidzapatse wodziwa. Sindinawauze. Koma tsiku lina anaipapasa, anangoiika pamphasa. Singano sanaigwirenso."

Ine, amene ndinali pambali kumvetsera, mtima unandiwawa, chifukwa mayiwo ndinkawadziwa. Ankakhala padzuwa, nsalu ili pafupi ndi mphuno, n'kumapempha aliyense wodutsa kuti awalowetsere ulusi pasingano.

"Inu dzanja lanu ndi lowongoka," anapitiriza Che Likwanya. "Ikatha, mwina mtima wanga ukhala m'malo."

Shehe anawabwezera kofiyayo ndi manja awiri.

"Mundikhululukire, achimwene. Kusoka ndingathe, koma chimene mukufunacho ndilibe. Mbali yokongolayi anasoka akuona, sinawavute. Yokhota ija anasoka mumdima, akudzibaya zala chifukwa cha inu, ndipo palibe angaibweze, ine kapena wina aliyense. Ndikatseka malowa mudzaiwala msanga. Muzivala chomwechi Lachisanu lililonse. Munthu akakufunsani chifukwa chake ili yosatha, muuzeni zoona, kenaka nonse awiri mukweze manja muwapemphere mayi anu chifundo kwa Allah. Chimene chingawafike tsopano n'chokhacho."