Galimoto Yowoloka Madambo

Panali munthu wina amene zinthu zitamuyendera m'tauni anaganiza zogula galimoto. Kumalo ogulitsira kunali zing'onozing'ono zambiri, zosamwa mafuta. Iye anazidutsa ngati nkhuku za chitopa. Analoza yaikulu ya pakona, ya matayala ofika m'chiuno, yokhala ndi chingwe chachitsulo kutsogolo choti izidzikoka yokha ikatitimira.

"Iyi, bwana, imakoka ndi mawilo onse anayi," anatero wogulitsa. "Komwe yalephera iyi, ngakhale bulu sapitako."

Munthu uja sananenerere n'komwe mtengo. Ogulitsa amawakonda anthu otere.

Mkazi wake atafunsa kuti chigalimoto chonsechi n'chachiyani, iye anati, "Kwathu kuli dambo. Amayi akadzadwala m'dzinja, ndidzawatenga pa chiyani?" Ndani angatsutse mwana woganizira mayi ake chotero?

Galimoto inayamba ntchito: kuofesi, kutchalitchi, ndi kokatsukitsa Loweruka lililonse. Phiri lalitali lomwe inakwerapo linali chitumbira cha pamsewu, pafupi ndi sukulu. Mapulasitiki a pamipando sanachotsedwe. Ana ankakwera atavula nsapato.

Dzinja lina mlongo wake, Esinati, anaimba foni ali kumudzi.

"Achimwene, amayi chifuwa chawatsekera, akubanika. Maminibasi akuthera pa phula. Bwerani ndi ijayi."

Munthu uja anatuluka panja n'kuiyang'ana. Inali itangopakidwa polishi. Anaganiza za matope, za minga yokanda penti, za wodwala kusanzira pamipando.

"Mlongo, dambo lija pano n'loopsa. Pezani ngolo muwafikitse pa phula, ndikawadikira pamenepo."

Ngolo inapezeka. Inatitimira pakati pa dambo mvula ili wawawa, ng'ombe zinakoka mpaka kugwada. Mayi aja pa phula sanafike.

M'mawa mwake munthu uja anagula bokosi lonyezimira, napinda mipando, nalilowetsa. Atafika padambo anakankha kagiya kakang'ono kamene sanakagwirepo chigulire. Galimoto inangobangula kamodzi, n'kuwoloka ngati ikuyenda pabwalo la mpira. Inadutsa ngolo ija ili chipendekere m'matope. Wogulitsa uja sananame.

Pasiwa amuna anadzuka pamipando n'kuizungulira galimotoyo. Ena ankayeza matayala ndi chikhatho, ena n'kumati, "Gogoyu anabala ndithu." Munthu uja ankagwedeza mutu mwachisoni, makiyi ali m'manja, poonekera.

Esinati anatuluka m'nyumba ya maliro, maso ali psuu. Sanalire mokuwa. Anayang'ana matope a pamatayala nthawi yaitali, kenako anayang'ana mlongo wake.

"Kani imawoloka, achimwene?"

Tsono inu, mukamva munthu akuti akugula chachikulu pokonzekera tsiku la mavuto, musamutsutse, mwina nayenso akudzikhulupirira. Koma ambiri sitigula matayala ayi, timagula maso a anthu, ndipo maso a anthu sapezeka kulikonse. Tsiku la mavuto limabwera ndi matope ndi masanzi, lopanda woombera m'manja. Musanapereke ndalama zanu, dzifunseni kuti adzayambe kukwera ndani, wodwala kapena bokosi. Pamaliro oonerera amachuluka. Padambo pamakhala ng'ombe zokha, ndipo ng'ombe sizisirira galimoto.