Chipere cha M'mimba mwa Nsato

Kalekale, mitengo isanathe m'phiri muja mumatola nkhuni, munali mkuyu waukulu wokhala ndi mphako. Sendezani miyendo, ananu, nanunso akuluakulu muleke kutsokomola. Nkhaniyi ndi ya mayi amene anatsala pang'ono kutaya ana ake onse tsiku limodzi.

M'mphakomo munkakhala Gologolo ndi ana ake atatu, aang'ono osatha n'kudumpha komwe. Mwamuna wake anali atamezedwa ndi Nsato chaka chapitacho. Maliro sanaikidwe, poti panalibe choika.

Gologoloyu ankachidziwa chipere. Osati chamadzimadzi chimene ena a inu mumatipatsa ayi. Iye ankaviika nandolo wouma mpaka atafufuma, n'kumuphika, n'kumuchotsa makoko mmodzimmodzi. Kenako mumtondo, thi! thi! thi! Chitowe chokazinga, thi! Adyo, thi! Kamchere pang'ono, n'kufinyiramo ndimu. Chikasalala, ana ankasunsamo chinangwa chootcha mpaka kunyambita zala.

Tsiku lina m'mawa akusinja pansi pa mkuyupo, mbalame zonse zinangoti zii. Udzu unayamba kugona wokha, fwaa, fwaa. Gologolo potembenuka anaona mutu wa Nsato uli pambali pa mtondo, mchira ukadali kuseri kwa chulu. Munsi unamupulumuka m'manja.

"Mwadzuka bwanji, atsibweni?" anatero. Ubale panalibe, ananu. Anali mantha.

"Ndadzuka ndi njala," anatero Nsato. "N'chiyani chikununkhirachi?"

"Kachipere ka ana, atsibweni."

Nsato analowetsa mutu mumtondo. Kamodzi kokha, mtondo mbee! Lilime linkatuluka n'kulowa, kutuluka n'kulowa.

"Ndameza agwape, ndameza mbuzi za anthu, koma chotere sindinalawepo. Konza china. Mitondo itatu."

"Mawa, atsibweni. Nandolo amafunika aviikidwe kaye."

"Mawa?" Nsato anadzutsa mutu pang'onopang'ono mpaka unalingana ndi khomo la mphako. M'katimo ana analira, tswii, tswii. "Amuna ako aja ananenanso kuti mawa. Dzuwa likafika pamutu chipere chisanapse, ndilowa umu. Ndiyambira wamng'onoyo."

Gologolo anagwidwa ndi mantha. Athawe? Ana atatu sanyamulika pakamwa pamodzi. Aphike nandolo wosaviika? Angafike madzulo ali gwa ngati timiyala. Anayang'ana nandolo m'lichero, anayang'ana khomo la mphako, anayang'ana mimba ya Nsato. Khomolo linali laling'ono, koma Nsato wanjala amalowa paliponse.

"Atsibweni," anatero, "njira yachidule ilipo, koma si ya aliyense. Ife timaviika ndi kusinja chifukwa mimba zathu n'zofooka. Koma inu, mimba yogaya nyanga za gwape ija..."

"Ndi ziboda zomwe," anatero Nsato.

"Nanga mtondo ngwachiyani? Tithire zonse m'menemo, chipere chikapsere komweko. Muzichimva kukoma nthawi iliyonse mukageya, tsiku lonse."

Nsato anaganiza za chipere chosatha pakhosi, ndipo anayasama. Yasaa! Gologolo anakwera pamtondo ndi lichero lake. M'kamwamo munali mdima ndi fungo loipa, ndipo anakumbuka kuti mwamuna wake anadzera njira yomweyo. Nandolo wina anatayikira pansi. Anakhuthula lichero loyamba. Lachiwiri. Lachitatu. Nkhokwe ya chaka chonse inathera m'menemo. Anaponyamo chitowe, adyo, mandimu ndi makoko omwe. Pa mchere sanaumire, anathira wa mwezi wathunthu.

"Khosi langa likuyaka!" anakuwa Nsato.

"Ndiye kuti zayamba, atsibweni. Madzi tsopano."

Nsato anamwa mitsuko iwiri, gudyu! gudyu! gudyu!

"Mugone padzuwa, zifunde."

Nsato anagona, Gologolo n'kukhala pamuzu wa mkuyu, maso pamimba paja. Koma nandolo safufuma poti mwini wake ali pa changu. Mthunzi unkafupika, mimba ili chimodzimodzi. Unafupikabe, mimba n'kungotukuka pang'ono ngati ya mwana amene wakhuta phala.

Dzuwa litafika pamutu, Nsato anageya. Gee!

"Ndikumva mchere wokhawokha. Wandinamiza iwe."

"Dikirani pang'ono, atsibweni, chonde, pang'ono pokha!"

Nsato sanamve. Anakulunga mkuyu uja n'kuyamba kukwera. Mutu unalowa m'mphako. Khosi linalowa. Ana anakuwa, "Amayi! Amayi!" Gologolo analuma mchira wa Nsato, koma kunali ngati kuluma chikopa cha ng'oma. Thupi linkalowabe, linkalowabe. Kenako, gwa! Pakati pa mimba, pamene nandolo anaunjikana, panakana. Nsato anakankha, panakana. Anayesa kubwerera m'mbuyo, panakananso. Nandolo uja anali atayamba ntchito yake, ndipo sanali pafupi kuleka.

Koma mutu wa Nsato unali m'kati, pamodzi ndi ana. Gologolo analumphira kuseri kwa mtengo n'kuyamba kuboola ndi mano. Kwete, kwete, kwete! M'kamwa munatuluka magazi, koma iye osaleka. Kwete, kwete! Kabowo katatseguka anaona ana ake ataunjikana pangodya, lilime la Nsato likunyambita mchira wa wamng'ono uja. Anasolola woyamba. Anasolola wachiwiri. Wachitatu anatuluka mchira uli wonyowa ndi malovu, koma anatuluka.

"Mphwanga!" anaitana Nsato, mawu akumveka ngati akuchokera mumtsuko. Ubale uja tsopano anali ataukumbukira. "Mphwanga, mimba ikung'ambika! Nditani?"

Gologolo analavula magazi, n'kupukuta pakamwa.

"Mukatuluka mukamwe madzi ena, atsibweni."

Anasamutsa ana ake mmodzimmodzi pakamwa, mpaka kutsidya kwa mtsinje. Mtondo anausiya komweko, nandolo anali atatha, ndipo chaka chimenecho banjalo linadya mizu ndi makungwa. Kunali kuvutika ndithu, koma ankavutika ali anayi. Nsato analendewera pamkuyu paja masiku anayi, mchira ukugwedezeka ndi mphepo, mpaka linthumbu linamupeza. Zimene linthumbu linachita sindinena, pano pali ana.

Apa ndiye pathera nthano yanga. Koma tsiku lina wina akadzayamba kukutamandani mimba, muyambe mwasuzumira m'lichero wanyamulalo musanayasame.