Makasu Atagona Pansi

Ndikudziwa mumati ine Fayisoni ndine wabodza. Chabwino, tcherani khutu, mundigwire ngati mungathe.

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Likhutcha, malume awo a agogo anga. Anali kapitawo kumunda wa tiyi wa mzungu. Munthu akati, "Bwana kapitawo, kwathu kwagwa zovuta," iye ankayankha kuti, "Wakufa sathawa. Dzaza dengu kaye." Amwalira mayi ako? Dzaza dengu. Wamwalira mlongo wako? Dzaza dengu. Mayi wina, Nangondo, anathyola tiyi tsiku lonse mwana wake akuikidwa iye kulibe.

Mzunguyo pobwerera kwawo anamulembera Likhutcha kalata, namusisita paphewa. "Iwe ndiwe siviya." Likhutcha kuwerenga sankadziwa. Kalatayo anaikulunga m'kansalu, dzinalo nkulivala ngati mendulo.

Ndiye mkazi wake anamwalira. Adzukulu anafika kumanda m'mamawa, nagoneka makasu pansi, osakumba. Dzuwa likukwera, mtembo uli m'nyumba. Dzuwa lafika pamutu, mtembo uli m'nyumba. Mukanakhala inu mukanatani? Likhutcha anathamangira kalata ija, naitana mphunzitsi Yotamu.

"Aphunzitsi, awerengereni anthuwa, adziwe amene akumuchita chipongwe. Siviya n'chiyani?"

Yotamu anaiwerenga. "Bambo, mawu awa azungu amanenera chilala choumitsa mtsinje. Amanenera nthenda yosamva mankhwala. Akanenera munthu, ndiye wosapindika, wosamva kulira kwa mnzake."

"Nanga n'kutama kapena n'kutukwana?"

"Zitengera mwaima mbali iti ya mkwapulo."

Sapuwa, mkulu wa adzukulu, anangofwenthera fodya wake. "Musafulumire, achimwene. Wakufa sathawa."

Likhutcha anavula jekete, natola khasu. Munthu wolamula ndi chala, manja ofewa ngati a khanda! Anakumba, matuza kutuluka. Anakumba, matuza kuphulika, mpini kufiira. Dzenje lisanafike m'mawondo, kunatulukira Nangondo uja. Munamuonapo mkazi akukumba manda? Anatola khasu nati, "Malemuwa sanandilakwire. Sunthani." Adzukulu anagwidwa manyazi, nadzuka onse.

N'chifukwa chake ife a mtundu wa Likhutcha, uthenga wa maliro ukangomveka, timasiya chilichonse, khasu paphewa, kukafika oyamba. Ndipo wamkulu akakutama, timati kafunse kaye ang'onoang'ono ngati nawonso akuwomba m'manja.

Tsono bodza langa mwaligwira? Kalatayo ilipo, ili m'sutikesi mwa azakhali, njenjete zinangodya m'mphepete. Za Yotamu n'zoona, za Sapuwa n'zoona. Koma za Nangondo kutola khasu ndapeka ine, poona ana inu mwagwetsa nkhope. Sanabwere. Palibe anadzuka. Likhutcha anakumba yekha mpaka dzuwa kupendeka.