Mphindi Ziwiri za pa Geti

Panali munthu wina amene mkulu wake anali ndi pikapu yakale ya dizilo. Inkatsika ndi kachewere kuchokera ku Dedza, n'kukwera phiri la Khwekhwerere itasenza mpunga. Mphamvu yake inali mu tebo, kachitsulo kooneka ngati nkhono kamene kamapopera mpweya mu injini.

Mkuluyo akafika pa geti sankazimitsa injini. Ankakhala phee, manja ali pa chiwongolero, mphindi ziwiri zathunthu. Mng'ono wakeyo ankamuseka: "Achimwene, mukupempherera dizilo kodi?" Iye ankangoti, "Yatikweza phiri iyi. Ipume kaye." Mng'onoyo sanafunse zambiri, ndipo paja safunsa anadya phula.

Mkulu uja atamwalira, mng'onoyo analonjeza pamaliro, anthu onse akumva, kuti galimotoyo sidzaima ndipo ana a malemu sadzagona ndi njala. Waulesi sanali, tisamunamizire. Oyilo ankasintha, matayala ankawaona. Koma akangofika pa geti ankapotokola kiyi n'kudumpha. Mkazi wa malemu anamuuza kamodzi kokha: "Alamu, achimwene anu ankadikira pang'ono." Iye anati, "Unali ukalamba umenewo."

Sankadziwa kuti tebo imafika pakhomo ili moto, ndipo ukazimitsa mwadzidzidzi oyilo amaima n'kupserera m'kati mwake.

Chaka sichinathe. Tsiku lina pakati pa phiri galimoto inalira ngati wezulo, utsi uli tolotolo, n'kuima. Makaniki atamasula anapeza makala okhaokha, zidutswa za tebo zitalowa kale mu injini. Anati, "Bambo, galimotoyi simunaiphere paphiri pano. Mwakhala mukuiphera pa geti tsiku ndi tsiku."

Lero ili pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Ana a malemu anawagawana achibale, wina uku wina uko. Mng'ono uja nthawi zina amalowamo n'kugwira chiwongolero. Nthawi yodikira ali nayo yambiri tsopano, koma chodikirira palibe.

Inu mukundimveranu, alipo amene amakukwezani phiri: mwina mkazi wanu, mwina mayi anu okalamba aja. Pachitunda mumamusamala, poti mukumufuna. Nanga mukafika? Musathamangire kutsika. Khalani naye pang'ono, apume, mumuthokoze akadali wamoyo.