Simenti ya a Bonifasio

Nkhondo ya Jeremani isanayambe, kumidzi ya ku Kaphuka kudafika mbewu yachilendo, mbatata ya kachewere, ndipo nthaka yozizira ya kumapiri kuja idailandira ngati mwana wake. Martina adali mmodzi mwa amayi oyamba kuidzala. Chaka chimene tikunenachi adakolola yambiri, yoti ana adye mpaka mvula, ina n'kutsala ya mbewu. Vuto lidali posungira. Chisakasa chake, cha mitengo yophoma ndi denga la udzu, chidali chitasanduka mudzi wa makoswe. Amati akazira pansi lero, mawa apeza maenje atsopano ndi mbatata zolumidwa hafu.

Choncho mbatata yonse idali panja, itaunjikidwa m'mbali mwa chisakasacho, itafunditsidwa udzu wouma, kudikira lonjezo la a Bonifasio.

A Bonifasio, amuna ake a Martina, adali mkamwini pamudzipo, ndipo mkamwini aliyense amafuna tsiku limodzi loti apongozi amuyang'ane kawiri. Iwo tsiku lawo lidafika atabwerera kuchokera ku mishoni ina kuseri kwa phiri, kumene ansembe amamanga nyumba za njerwa. Adabwera atasenza theka la mgolo wa simenti, wotsala pa ntchito, umene wansembe wina adawapatsa powathokoza. Mudzi wonse udasonkhana kudzaona ufa wotuwawo. Mayi wina adapisamo chala, nalawa, nalavula.

"Uwu si ufa wodya, mayi," adatero a Bonifasio atanyamula chifuwa. "Uwu timathira pansi, pansipo n'kusanduka thanthwe. Khoswe akayesa kukumba, mano amathera pomwepo. Ife amisiri timatero."

Mawu akuti "ife amisiri" Martina adawamva. Anthu atabalalika ndi pamene adafunsa.

"Bambo a Monika, simentiyi mudaiona ikuthiridwa ndi maso anu?"

"Funso lanji limenelo?"

"Ndikufunsa chifukwa miyezi yonseyi mwakhala mukubwera ndi utuchi m'tsitsi. Mchenga sindinauonepo."

A Bonifasio adakhosomola. Zoona zake n'zakuti ku mishoni kuja iwo adali kuphiri, m'dzenje lochekera matabwa, akukoka sowo cha pansi mnzawo ali pamwamba. Nyumba ya ansembe amaionera patali, nkhungu ikachoka.

"Sikuti n'zovuta," adatero. "Munthu wanzeru amangoganizira."

"Mbatata yanga sikudikira zoganizira. Pitani kwa a Petulo mukafunse. Si ulendo wogona panjira."

A Petulo ndiwo adali mmisiri weniweni wa ku mishoni. Koma adali ndi pakamwa ngati ng'oma, ndipo akazi awo adali ochokera m'mudzi womwewu. A Bonifasio adadziwa kuti akangofunsa m'mawa, dzuwa lisanapendeke mudzi wonse ukhala utamva kuti mmisiri wathu uja wakagwada kukapempha nzeru.

"Kwa Petulo ayi," adatero. "Ndituma alamu."

Martina adaika pansi lichero limene adali nalo m'manja. "Yohana? Yohana wathu yemweyu?"

Yohana adali mlongo wake wa Martina, wamng'ono kwa iye, munthu wa ndevu zake ndi banja lake, koma woti ukamutuma moto kwa anansi amabwera ndi nkhani ya maliro a kutsidya, moto ataiwala. Martina adakula naye, ndipo adanena zonsezi mosabisa. A Bonifasio adangoti akazi sadziwa kusankha nthumwi.

Adamuitanira kuseri kwa nyumba. "Alamu, ku mishoni ayamba kumanga sukulu. Mupite ngati mukungodutsa. Musakatchule dzina langa. Mukakhale pafupi ndi Petulo, mukaone mmene akuthirira simenti, mukamve zimene akuuza anthu ake. Ine ndikuzidziwa kale, ndikungofuna kuona ngati sanasinthe."

"Alamu, mwatuma munthu," adatero Yohana akudzimenya pachifuwa. "Makutu angawa amamva nyerere ikutsokomola."

Yohana ali paulendo, ntchito idagwera amene imagwera nthawi zonse. Mchenga udali kumtsinje, kunsi kwa chitunda chimene ngakhale mbuzi imakwera ikupumira. Martina adautuntha ndi dengu, mwana ali kumsana, chisanu cha m'mawa chikuluma zala. Adatola miyala, naiswa ndi nyundo yobwereka mpaka m'manja mudatuluka matuza. A Bonifasio ntchito yawo idali yoyenda mkati mwa chisakasa ndi kamtengo, kuyeza apa, kuyeza apo, n'kumang'ung'udza ngati sing'anga amene waona matenda aakulu.

Yohana adachedwa kubwera, ndipo atafika mpweya wake udanena wokha kuti panjira padali mowa wa masese. Adakhala pamphasa, napempha madzi akumwa, nayamba.

"Achemwali, kuli zinthu kumeneko! Wansembe wina ali ndi chitsulo cha miyendo iwiri yozungulira, amati njinga. Akakwera, ndevu zimagawikana pakati, zina uku zina uku. Ndiye kuli bulu, akalira agalu onse a m'mudzi amayankha. Belu la patchalitchi lija, ine ndidangoti ndilikhudze..."

"Simenti, Yohana," adatero Martina.

"Ndikufika. Kuli wophika wina wochokera kunyanja, munthu wabwino kwambiri, adandipatsa buledi. Mudadyapo buledi inu, alamu?"

"Simenti, alamu."

"Eya, simenti. Yosavuta. Mchenga, timiyala, ufa wanuwo, madzi. Kusakaniza ndi khasu, kuthira pansi, kusalaza ndi thabwa."

"Mchenga wochuluka bwanji?"

"Woti ukauona uziti eya, wakwana."

"Kenako?"

"Kenako moto."

A Bonifasio adagwedeza mutu ngati munthu amene akukumbutsidwa chinthu chodziwa kale. Martina ndiye adafunsa. "Moto umenewo udauona pa simenti, kapena a Petulo ndiwo adanena?"

"A Petulo adali otanganidwa, akukalipira anthu, sindikadawayandikira. Koma kuseri kwa nyumbayo ndidaona moto waukulu, anthu akuponyamo zipika, utsi mpaka kumwamba. Ndidafunsa mnzanga wophika uja, iye n'kuti: m'bale wanga, chilichonse cha azungu chimalimba ndi moto. Njerwa ndi moto. Buledi ndi moto. Nanga simenti ingakhale ya mtundu wanji?"

Inu amene mudathirapo konkire mukudziwa kale. Chimene Yohana adaona udali uvuni wa njerwa. Simenti yatsopano imafuna mthunzi ndi madzi, kuithirira m'mawa ndi madzulo ngati mbewu ya kudimba, kufikira italimba yokha. Koma pamphasa paja padalibe woti anene zimenezi. Wodziwa adali kuseri kwa phiri, ndipo palibe amene adamufunsa.

Martina sadali wopusa. Adaganizira mbiya, kuti nayonso imalimba ndi moto, ndipo mtima wake udakhala pansi pang'ono. Komabe adati: "Mbiya timaotchera kutchire, itauma kale. Sitiotchera pansi pa denga la udzu."

"Nanga nyumba ikaziridwa simusonkhamo moto kuti iume?" adayankha a Bonifasio. "Denga lidapsapo liti? Mayi a Monika, zophika ndi zanu, zomanga tisiyireni."

M'mawa mwake ntchito idayamba, anthu atazungulira ngati pali gule. Martina ndi akazi anzake adatunga madzi mpaka makosi adauma, chifukwa ufa uja umamwa ngati ng'ombe ya m'chilimwe. A Bonifasio adasakaniza, nathira, nasalaza ndi thabwa, Yohana akulamula ali pamthunzi. Kunena zoona, pansi padaoneka bwino: posalala, potuwa, ponyezimira ngati dziwe. Apongozi aamuna adasuzumira pakhomo nati, "Koma mkamwini ameneyu!" A Bonifasio adamva kukoma mpaka m'mafupa.

Kutacha, simenti idali itagwira moti chala sichimalowa. Amuna aja adayamba kulowetsa nkhuni. Martina adayang'ana mulu wa mbatata umene udatsamira khoma la chisakasa.

"Tiyambe tasuntha mbatatayi," adatero.

"Kuisuntha lero, mawa kuisunthanso polowetsa? Ntchito iwiri ya chiyani?"

Apa Martina naye adalakwa, ndipo tisamubisire. Msana udali ukuwawa, mwana adali asanayamwe, mitsuko yonse idali gwa, yopanda dontho. Adayang'ana mulu uja, nayang'ana manja ake a matuza, nati mumtima, zikhale momwemo. Adakakhala pakhonde n'kuyamba kuyamwitsa.

Moto udayaka bwino. Yohana amangoti, "Onjezani, alamu, wa ku mishoni udali woposa apa. Mpaka pansi pafiire!" A Bonifasio amaonjeza. Kwa kanthawi padalibe chodabwitsa, kupatula nthunzi imene imatuluka pansi ikulira ngati mphika wa nyemba.

Kenako padamveka kuti thaa!

Nkhuku zidabalalika. Thaa! Phuu! Madzi amene adatsekeredwa mkati mwa simenti adali atawira, ndipo pansi padayamba kuphulika ngati chimanga cha mbuliwuli. Timiyala totentha timauluka kutulukira pakhomo. Mkulu wina amene adaonapo nkhondo ali mnyamata adadzigwetsa pansi akufuula kuti asilikali afika. A Bonifasio adatuluka chokwawa, nsalu yawo ikufuka kumbuyo. Yohana, mwini malangizo, adali atadumpha kale mpanda wa apongozi, osacheuka.

Kuphulika kwina kudaponya zikuni zamoto m'denga. Mphepo ya kuphiri, imene nyengo yachisanu sisowa, idachita mbali yake. Udzu udalilima kamodzi, denga lidapendekeka, n'kugwera mbali imene kudali mbatata, pamwamba pa udzu wouma uja.

"Madzi! Madzi!" adakuwa a Bonifasio.

"Madzi ali mu simenti yanu," adayankha Martina.

Amayi adathamangira kumtsinje, koma chitunda chija sichidafupike chifukwa cha ngozi. Pamene mitsuko yoyamba imafika, moto udali utamaliza ntchito yake. Chisakasa chidatsala mitengo yakuda ili njo. Pansi paja padali pong'ambikang'ambika ngati dambo la mwezi wa dzuwa, ukapondapo n'kumanyenyeka. Ndipo pamudzi ponse padafalikira fungo limene aliyense adalidziwa, fungo lokoma, la mbatata yootcha.

Anthu adaima manja kumbuyo, monga amachitira pamaliro. Koma mphuno ilibe ulemu. Wina adameza malovu mokweza. Martina adatenga ndodo, nafukula phulusa, natulutsa mbatata imodzi, naiswa pakati. Idali itapsa bwino mpaka mkati, yoyera, ya ufa. Adafukula kwina, pansi penipeni pa mulu, kufuna kuona ngati yatsalako yaiwisi yoti adzadzale. Imene sidapse idali itafunda moti maso ake adali atafa.

Adakhala pansi pomwepo. Chakudya cha ana mpaka mvula, ndi mbewu ya chaka chamawa, zonse zidali zitaphikidwa tsiku limodzi popanda mphika. Sadalire. Kulira kumafuna mphamvu, ndipo iye mphamvu adali atazisiya pachitunda.

"Mukuyang'ana chiyani?" adatero. "Idyani. Mawa ikhala itasasa."

Mudzi udadya. Adadya akulu, adadya ana, adadya ndi odutsa m'njira amene adakokedwa ndi utsi. Ena amayesa kupepesa mkamwa muli todzaza. Pakati pa phwandolo Yohana adatulukira kuseri kwa nkhokwe, akuyenda monyang'ama, atafumbata kanthu m'tsamba la nthochi.

"Udali kuti, mphunzitsi wa simenti?" adafunsa Martina.

"Ndinathamangira mchere, achemwali. Ndinaona kuti ufunika."

A Bonifasio okha ndiwo sadadye. Adakhala pa mgolo wopanda kanthu uja, nsidze zitapserera, akuyang'ana pansi. Martina adawapatsa mbatata imodzi m'manja.

"Idyani, bambo a Monika, mupeze mphamvu. Ansembe ali ndi dimba la kachewere. Mawa mulawirire, mukagwire ntchito iliyonse imene akakupatseni, ngakhale ya m'dzenje la matabwa, mpaka akakupatseni mbewu yodzaza dengu."

A Bonifasio adayang'ana cha kumene kudali mlamu wawo. "Mwina alamu akadatsogola kukaona ngati..."

"Ndi miyendo yanu," adatero Martina. "Ndi pakamwa panu."

Adapita. Koma nkhani ilibe chitunda chokwera. Pamene amatulukira pabwalo la mishoni, a Petulo adali kale pamwamba pa khoma la sukulu, atasiya ntchito, akuitana anthu awo onse kuti abwere adzalonjere mmisiri wa ku Kaphuka amene amaotcha simenti n'kudyetsa mudzi. Manyazi amene a Bonifasio adawathawa pokana kufunsa funso limodzi adawapeza onse, ataonjezekera, ndipo adagwira nawo ntchito mpaka dengu la mbewu lidadzaza.

Chinthu chikakhala chako, pita wekha ukadzimvere, ngakhale ukachite kugwada. Akuluakulu adanena kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.