Buku Limene Linabwera ndi Bulangete

Kalekale, m'masiku amene amuna ankakokoloka m'midzi kupita ku migodi ya ku Joni, kumapiri a ku Ntcheu kunali mayi wina dzina lake Enelesi, koma anthu ankangomutchula ndi chiwongo chake kuti Nangozo. Mwamuna wake, Layitoni, anachoka ukwati uli ndi miyezi isanu yokha, Nangozo asanaime. Ananena kuti akagwira zaka ziwiri basi. Zaka ziwirizo zinabereka zinzake mpaka zinakwana zisanu ndi chimodzi.

Chaka chachitatu kunabwera phukusi lomanga ndi chingwe. M'katimo munali bulangete lofiira ndi buku la Chingerezi lokhuthala, ndipo pakati pa masamba a bukulo panali kalilole wamng'ono. Kalata munalibe. Kuchokera tsiku limenelo kunangoti zii.

Nangozo sankadziwa kuwerenga, koma maso anali nawo. Pachikuto cha bukulo panali mkazi wachizungu ataima pachipata, dzanja lili pamphumi, akuyang'ana kutali. Kutaliko kunali mwamuna wa chipewa chachikulu atakwera hatchi. Nangozo anaganiza kuti munthu satumiza buku kwa mkazi wosadziwa kuwerenga popanda chifukwa, ndipo kaliloleyo anamuika m'katimo dala, kuti mkazi wake adzione yekha m'nkhaniyo. Analikulunga m'nsalu n'kuliika pansi pa bokosi, ndipo sanaonetse aliyense.

Chaka chachisanu ndi chimodzi kunabwera Yotamu, mmisiri wa matabwa, munthu wamasiye wosalankhulalankhula. Sanachite zam'mbali. Anapita kwa malume a Nangozo n'kufunsira poyera, nanena kuti wapeza malo kuchigwa ndipo adzasamuka anthu akangokolola.

"Ukwati wako ankhoswe akhoza kuuthetsa, palibe angatitsutse," anatero malume. "Koma mawu akhale ako, Nangozo. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, munthuyu wapita."

Nangozo anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ankafuna mwana kuposa china chilichonse padziko, ndipo iye sankamuda Yotamu ayi. Koma anati sangayankhe asanamve zimene mwamuna wake anamuuza m'buku lija. M'dera lonselo munali anthu atatu odziwa kuwerenga Chingerezi, ndipo anawayendera onse.

Woyamba anali Mayi Gomile, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni, munthu wa mtima wofewa ngati papaya lakupsa. Analisunga bukulo sabata imodzi, ndipo polibweza maso anali ofiira.

"Mayi Nangozo, buku lokoma chonchi sindinawerengepo. Ndalira ine."

Anafotokoza zonse mwandondomeko. Nkhani inali ya ku Amereka kale, pamene anthu ankasamuka pa ngolo za ng'ombe kulowera kumadzulo. Mnyamata woweta ng'ombe ali pahatchi anasiya bwenzi lake pachipata n'kupita kuseri kwa mapiri kukafuna golide. Makalata anasiya kubwera. Mwini sitolo wolemera anamufunsira mtsikanayo, abale ake anamukakamiza, iye anakana. Mapeto ake mnyamata uja anatulukira m'fumbi, hatchi itawonda, thumba la golide lili pambali, ndipo anakwatirana.

"Anadikira zaka zingati?" anafunsa Nangozo.

"Zisanu ndi zinayi."

Nangozo anawerenga zala pansi pa nsalu. Zinatsala zitatu.

"Ndiye kuti akundiuza kuti ndidikire, aphunzitsi?"

"Mwamuna amene anasankha buku ili pakati pa mabuku onse a ku Joni, mtima wake ndi wabwino," anatero Mayi Gomile, misozi ilinso m'maso.

Ankakhulupiriradi zimenezo. Koma sanatchule kuti nkhaniyo inali yopeka, chifukwa sizinamubwerere m'mutu kuti pangakhale munthu wosadziwa. Pamene Nangozo buku limene ankalidziwa linali limodzi lokha, la kutchalitchi, ndipo kwa iye chilichonse chosindikizidwa chinachitikadi.

Wachiwiri anali Bambo Chimbalanga, wolembera anthu makalata, amene ankakhala ndi katebulo kake pansi pa mkuyu pafupi ndi positi. Ndi iye amene ankalemba makalata a Nangozo opita ku Joni, osayankhidwa aja. Anali munthu wanzeru, ndipo vuto lake linali lakuti ankadziwa kuti ndi wanzeru. Analiwerenga masiku awiri okha, n'kulibweza tsiku la msika anthu atandanda pamzere.

"Mayi, ili ndi bodza lamasamba mazana atatu," anatero mokweza. "Munthu anangokhala pampando n'kupeka. Mabuku otere amawasindikiza ambirimbiri kuti madona osowa chochita azilira masana, ndipo onse amathera pa kupsompsonana. Mkazi kudikira zaka zisanu ndi zinayi padzuwa, khungu osakwinyika? Nanga ng'ombezo ankaweta ndani pamene iwo ankalirana? Ndipo mwamuna wanuyo Chingerezi chake chimathera pa kulonjera bwana. Muno mulibe uthenga. Kwatiwani ndi wamatabwayo asanakuthaweni nayenso."

Akanalekera pomwepo mwina zikanatheka. Koma anakweza bukulo m'mwamba kuti onse aone chikuto.

"Taonani Nangozo wathu pachipata. Wangotsala wa chipewayo."

Mzere wonse unaseka chikhakhali, ogulitsa nthochi nawonso anabwera kudzasuzumira. Nangozo anatenga buku lake, manyazi atamugwira mpaka kumapazi. Njira yonse yobwerera kumudzi ankalumbira mumtima kuti angafe ali yekha, koma sadzachita zimene wanena munthu ameneyo pamaso pa msika. Chomvetsa chisoni n'chakuti mawu onse a Chimbalanga anali oona.

Wachitatu anali Sikelo, amene anabwerako ku Joni chaka chapitacho ndi chifuwa chosapola ndi Chingerezi chophunzira mukomponi yogonamo antchito a kumgodi. Ankagona komponi imodzi ndi Layitoni. Koma amuna obwerako kumigodi anali ndi pangano lawo: pokwera sitima yobwerera kwawo ankagwirana manja kuti za ku Joni zatsala ku Joni, ndipo woulula za mnzake sankakhalanso naye pabwalo. N'chifukwa chake Nangozo akamufunsa za mwamuna wake, Sikelo ankangoti, "Ndinamusiya ali bwino, alamu."

Ataona bukulo anatsokomola nthawi yaitali. Analisunga masiku khumi, ndipo polibweza sanamuyang'ane Nangozo kumaso.

"Alamu, bukuli likutha bwino, koma ine sindinalikonde. Wolembayo anathamanga. Zaka zisanu ndi zinayi za mkaziyo wazilemba pamasamba atatu, pamene hatchi yokha waipatsa masamba makumi anayi. Komanso sakunena kuti mwamunayo ankagona kuti zaka zonsezo, ndiponso ankamuphikira ndani."

"Ankagona kuthengo, si ankafuna golide?"

"Mwina."

"Alamu, ndiuzeni. Ndidikire?"

Sikelo anayang'ana zala zake zakumapazi. "Mwandifunsa za buku, ndayankha za buku."

Nangozo anakhala pakhonde n'kusinkhasinkha. Mmodzi walira, wina wanyoza, ndipo wachitatu, amene anamuona Layitoni ndi maso, sanaletse. Chimanga chitalowa m'nkhokwe anatuma malume kuti akamuuze Yotamu kuti ayi. Yotamu anabwera yekha kudzatsanzika, chipewa chili m'manja.

"Ndamva, Nangozo. Sindikukwiyirani. Mutsale bwino."

Anasamuka sabata yomweyo. Kuchigwako anakwatira mkazi wina, ndipo nkhani za ana ake zinkafika kumapiri chimodzichimodzi mpaka anakwana asanu ndi mmodzi. Nthawi iliyonse Nangozo ankati, "Zikomo, Mulungu awasunge," n'kulowa m'nyumba.

Chaka chachisanu ndi chinayi chichokereni Layitoni anazira nyumba, anachapa bulangete lofiira lija, ndipo basi ikamveka pamsewu ankasiya khasu n'kuthamanga. Ankatsika ogulitsa fodya ndi ana a eni. Chakacho chitatha anadziuza kuti analakwitsa, kuwerenga kuyenera kuyambira tsiku limene phukusi linafika. Anawonjezera zitatu. Zitathanso zimenezo sanawonjezere, komanso sanasiye, chifukwa kusiya kukanatanthauza kuti msika unaseka zoona. Malume anamwalira. Anzake amene anavinidwa nawo limodzi anayamba kubereka zidzukulu kumbuyo. Kenako Nangozo analeka kusamba, ndipo analira yekha kumunda, popeza panalibe womuuza.

Patatha zaka makumi awiri ndi chimodzi chichokereni Yotamu, kunabwera kalata ya ku Joni. Anaitengera kwa Chimbalanga, amene tsopano anali wa imvi, ndipo ulendo uno anawerenga motsitsa mawu. Inalembedwa ndi mkazi wina. Ankadziwitsa abale kuti Layitoni wamwalira ndi chifuwa, wasiya iyeyo ndi ana asanu, wamkulu wa zaka makumi awiri ndi zinayi. Nangozo anawerenganso zala. Mwanayo anabadwa chaka chimene bulangete linabwera.

Sanapite kunyumba. Analunjika kwa Sikelo, n'kumupeza atakhala padzuwa, mafupa okhaokha.

"Mwini pangano wafa, alamu. Tsopano ndiuzeni za buku."

Sikelo anaulula akulira. Analipo tsiku limene phukusi linkamangidwa. Bukulo Layitoni analitola pamulu wa zinyalala kuseri kwa nyumba ya kapitawo, ndipo analitenga kuti kalilole asasweke m'sitima. Sanalitsegule n'komwe kupatula poika kaliloleyo.

"Chingwe anamanga ndi mkaziyo, alamu. Layitoni anali atavulala chala."

Nangozo sanalire. Anangofunsa kuti, "Mkaziyo anali wooneka bwino?" Kenako ananyamuka.

Patapita mwezi abale a Layitoni anabwera kudzamusudzula monga mwa mwambo, chifukwa mkazi wamasiye sangakwatiwenso akuchimuna asanamumasule. Anayala mphasa, mudzi unasonkhana, ndipo owerenga atatu aja analipo. Mkulu wa akuchimuna anakonza kukhosi.

"Mayi Nangozo, mwatisungira ulemu. Lero takumasulani. Mukhoza kukwatiwa ndi aliyense amene mtima wanu wafuna, mukabereke ana."

Mawuwo ndi a mwambo, amanenedwa choncho kwa aliyense, ndipo mkuluyo anazindikira atawatulutsa kale. Palibe anaseka. Nangozo, wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, anagwada n'kuwomba m'manja kuthokoza, monga mwambo umafunira.

Alendo atachoka, atatu aja anayandikira khonde, aliyense ndi katundu wake mumtima.

"Ine ndinanena zimene zinali m'buku, sindinawonjezere kanthu," anatero Mayi Gomile. "Ndinkakufunirani zabwino."

"Ine ndekha ndi amene ndinakuuzani zoona, zonse, tsiku lomwelo," anatero Chimbalanga.

"Ine ndinalumbira," anatero Sikelo. "Ndikanatsegula pakamwa pa Layitoni, anzanga akanatsegula pa ena, ndipo mabanja khumi a mudzi uno akanatha. Ndinayesa kukulozerani, alamu."

Nangozo anawayang'ana mmodzimmodzi.

"Awiri mwa inu ndawakhululukira. Mmodzi ndi amene anandidyera moyo wanga, ndipo ameneyo sindikufuna adzaponde kumanda kwanga."

"Ndani, mayi?" anafunsa Mayi Gomile.

"Akudzidziwa."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Abale ake anamufunsa kangapo, iye sanatchule dzina. Mvula ya chaka chotsatira isanathe anadwala masiku anayi n'kumwalira, wopanda mwana womutseka maso.

Tsiku la maliro atatu aja anatsatira bokosi kumbuyo kwa anthu onse, Sikelo atatsamira ndodo. Pakhomo la manda adzukulu anawaimitsa, chifukwa mawu a womwalira mudzi wonse unawamva ndipo saphwanyidwa. Anati awiri alowe, mmodzi abwerere. Atatuwo anayang'anana, dzenje linali lokumba kale, mitambo inali itada, ndipo palibe anasuntha phazi.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, adzukulu akudikira. Pali amene analikonda buku n'kuiwala kunena kuti ndi lopeka, pali amene ananena zoona m'njira yakuti munthu sakanatha kuzimeza, ndipo pali amene ankadziwa zonse n'kusunga pangano. Ndani mwa atatuwa abwerere panjira?