Khola Limene Galu Sanathyole

Kuseri kwa msika wa m'tauni ina kunali munthu wina wowotcherera zitsulo. Ankapanga mageti, zitseko ndi zitsulo za m'mawindo. Manja ake anali odziwika. Amene waikitsa geti lake ankagona tulo tabwino, chifukwa panalibe mbala imene inathyolapo chinthu chowotcherera iyeyo. Ankakhala yekha, m'nyumba yozunguliridwa ndi mpanda wautali wanjerwa, wamagalasi osweka pamwamba.

Tsiku lina anapita kukayeza mawindo a nyumba ina imene anthu anali atasamukamo. Kuseri kwa nyumbayo anapeza galu atamangidwa pamtengo wa mapeyala. Osamukawo anamusiya pomwepo. Nthiti zinali pamtunda, ndipo mawu anali atatha ndi kulira. Munthu uja anamva chisoni. Anamumasula, namumwetsa madzi m'manja mwake. Galu anamutsatira mpaka kunyumba.

Atadya bwino, galu uja anasanduka wina. Ankathamanga kuzungulira nyumba osatopa, kudumphira mbuye wake pachifuwa, kuthamangitsa ngakhale chithunzithunzi cha mbalame. Munthu uja anamutcha Mphezi, ndipo anamukonda kwambiri. Madzulo akamadya, Mphezi ankagoneka mutu pamapazi ake.

Vuto linali m'mawa. Munthu uja akangogwira makiyi, Mphezi ankayamba kunjenjemera. Ankazungulira miyendo ya mbuye wake, malovu ali chuchuchu, maso ali pageti. Geti likatsekedwa, kulira kunkayamba.

Sanachedwe kufukula pansi pa geti. Ananunkhiza njira mpaka kumsika, nadutsa msewu waukulu pakati pa maminibasi. Ina inamuphonya pang'ono, dalaivala akutukwana. Mphezi anagubuduza beseni la tomato la mayi wina, nakafika pamene mbuye wake ankawotcherera, mchira uli pukupuku. Munthu uja ataona mmene galu anadutsira msewu, anati mumtima mwake, galu uyu ndikapanda kumutsekera bwino, ndidzamutola pamsewu.

Anathira simenti pansi pa geti. Mphezi anayamba kudumphira mpanda, ndipo tsiku lina magalasi aja anamucheka mwendo. Anamumanga ndi chingwe. Anachitafuna. Anamumanga ndi tcheni. Anadzikoka mpaka khosi linanyuka. Anamutsekera m'nyumba, ndipo madzulo anapeza makatani ali pansi, mpando utang'ambika, m'munsi mwa chitseko muli mabowo a mano.

Pafupi ndi nyumbayo pankakhala mayi wina, a Nachisale, amene ankasoka zovala pakhonde pawo tsiku lonse. Iwowa ndi amene ankamva kulira konse kuja. Anamuimitsa munthu uja panjira.

“Aneba, galu wanuyu bwanji osamandisiyira ine? Ndikamulankhula kudzera pampandapa amatonthola. Akangomva kuti pali munthu, mtima umakhala pansi.”

Munthu uja anayang'ana mpanda wa a Nachisale, waudzu, wopendekeka.

“Zikomo mayi, koma mpanda wanuwu angaudutse ngati mphepo. Musadandaule. Zotsekera ndiye ntchito yanga.”

Anaganiza kuti chimene chimamupenga galu ndi kuona geti likutsekedwa. Akapanda kuona kanthu, adzangogona. Choncho anasonkhanitsa zitsulo zolimba ndi malata okhuthala, namanga khola kuseri kwa nyumba, pasimenti. Anatseka mbali zonse ndi pamwamba pomwe. Sanasiye zenera, kuopa kuti galu angakolemo mano ndi kuyamba kupinda lata. Mpata unatsala m'munsi mwa chitseko basi, wongolowa chala. Anaigwira ntchitoyo madzulo, kunja kutazizira. Atamaliza analiponda khola lija ndi mphamvu zake zonse. Silinagwedezeke. Anakhutira.

Unali mwezi wa Okutobala.

M'mawa anaika beseni lamadzi m'kholamo, naponyamo fupa. Mphezi analowa kutsatira fupalo. Munthu uja anatseka, nakhoma loko. Anakhomanso geti, naika makiyi m'thumba. Ali panjira ankamva malata akulira kumbuyo, koma sanacheuke.

Dzuwa linakwera. Kunalibe mtambo, kunalibe kamphepo. A Nachisale anasiya makina awo, chifukwa kulira kwa tsiku limenelo kunali kwachilendo. Galu sankauwa. Ankadzimenyetsa kumalata, kenaka kukanda, kenaka kudzimenyetsanso. Anamuitana kudzera pampanda monga ankachitira masiku onse, koma sanatonthole. Anakwera pampando nasuzumira. Anaona khola lili padzuwa, malata akunyezimira, popanda ndi mthunzi womwe.

Anaimba foni.

“Aneba, bwerani msanga. Galu uja akupsa m'kholamo.”

“Ndamuikira madzi, mayi.”

“Sakulira ngati masiku onse. Bwerani mudzatsegule, kapena tumizani makiyi pa kabaza.”

Munthu uja anali pakati pa ntchito yopangira munthu wina geti, mwini getiyo ataimirira pomwepo. Anakumbukiranso makatani, chingwe ndi chitseko chija. Anaganiza kuti akatsegula lero, galu adzadziwa kuti kulira kumatsegulitsa.

“Musiyeni,” anatero. “Atopa yekha.”

Anadula foni.

A Nachisale sanakhale pansi. Anatunga madzi mundowa nayesa kuwaza kudutsitsa pampanda, koma madzi anagwera patali ndi khola. Anaitana abambo awiri amene ankadutsa ndi njinga zamakala. Wina anayesa kukwera mpanda, magalasi anamubweza, dzanja likuchucha magazi. Anabwereka chitsulo chachitali nayamba kukanula geti. Anakanula onse awiri, thukuta lili kamukamu. Geti silinasunthe. Mmodzi anaponya chitsulo pansi.

“Mayi, amene anapanga geti ili amaidziwa ntchito. Silingatheke.”

Ali chiimire pomwepo, kukanda kuja kunayamba kuchepa. Kunamveka kamodzi, patapita nthawi kamodzinso. Kenaka kunangoti zii.

A Nachisale anaimbanso foni.

“Aneba, wasiya.”

“Mwaona? Ndinanena ine. Waphunzira tsopano.”

“Si kuphunzira kumeneku. Chonde bwerani.”

“Ndibwera ndikamaliza, mayi.”

Anabwezera foni m'thumba akumwetulira. Anauza mwini geti uja kuti galu amene anamusowetsa mtendere wagonja lero. Anamaliza ntchito yake bwinobwino, napaka ndi penti yomwe. Poweruka anadzera kogulitsa nyama, nagula zam'kati zoti akamuphikire Mphezi, kumuthokoza chifukwa chokhala chete.

Atafika anapeza anthu ataima pageti pake. Panalibe amene anamupatsa moni. Iye anaona penti itakalika pamene anakanula paja.

“Ndani wakanda geti langa?”

A Nachisale anangoti, “Tsegulani.”

Anatsegula, nalowa, anthu akumutsatira. Anaimba likhweru limene Mphezi ankalidziwa. Kuseri kunali zii. Anagwira loko wa pakhola, nabweza dzanja msangamsanga. Dzuwa linali litapendeka, koma chitsulo chinali chikuotchabe. Anakulunga dzanja ndi malaya, natembenuza kiyi.

Chitseko chitatseguka, mpweya wotentha unamuomba kumaso ngati wa m'ng'anjo yanjerwa.

Mphezi anali atagona chammimba, mphuno ataikanikiza pamene panali kampata kaja. Maso anali otsegula. Lilime linali panja, litauma. Beseni linali litagubuduzika, ndipo pasimenti panalibe ndi dontho lomwe. Malata onse, kuyambira pansi mpaka pamene galu angafike ataimirira, anali ndi mizere ya magazi. Zikhadabo za kutsogolo zinali zitatha. Pakona panali dzino. Fupa lija linali pomwe linagwera, losakhudzidwa.

Phukusi la nyama linagwa m'manja mwake. Anaima kukamwa kuli yasa. Mayi wina anagwira kumaso nathawira panja.

“Mphezi,” anaitana. “Mphezi, dzuka.”

Anagwada, nalowetsa mutu ndi mapewa m'kholamo kuti amukoke. Mkono unakhudza lata, khungu linapsa. Mpweya unamubanika. Anatuluka akutsokomola, atakhalamo kanthawi kosakwana n'kumwa madzi komwe. Anakhala pansi, nayang'ana khola, nayang'ana anthu.

“Koma ndinamuikira madzi,” anatero.

Anatembenukira kwa a Nachisale.

“Ndimafuna asagundidwe ndi galimoto. Ndinamuikira madzi ine.”

Mmodzi wa amakala aja, dzanja lili lomanga ndi kansalu, anawerama namutulutsa galu. A Nachisale anavula chitenje chapamwamba namufunditsa. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi.

Munthu uja anatsala. Anadzuka, nazungulira khola lake, akuyendetsa chala pamene anawotcherera. Ankafuna kupeza pamene pathyoka, pamene papindika, pamene pagawanika ngakhale pang'ono. Sanapeze. Paliponse panali pogwira monga analisiyira m'mawa. Pa zinthu zonse zimene anapanga pamoyo wake, panalibe cholimba kuposa khola limenelo.

Tsopano ndikutembenukira kwa inu, makolo anzanga.

Munthu uyu sanali wankhanza. Msewu umene ankauopa unali woopsadi, ndipo galu amafunikadi malo otchinga. Koma malo otchinga amafuna mthunzi, mphepo, madzi osagubuduzika, ndi munthu wina amene ali ndi kiyi. Iye anaganizira za kutuluka kokha. Za mkati sanaziganizire. Anayesa khola lake ndi phazi ali panja, osalowamo masana kuti amve mmene mumakhalira.

M'nyumba mwanu muli ena amene mumawatsekera chifukwa chowakonda. Pali mwana amene mwamuletsa zonse poopa dziko. Pali nkhalamba imene mumaisiya m'chipinda kuti isagwe. Akalira mumati akuvuta. Mnansi akakuuzani mumati sakudziwa za pakhomo panu. Ndipo tsiku limene asiya kulira, mumati aphunzira.

Kulira kukamamveka, nthawi ikadalipo. Amene wakhala akukudandaulirani masiku onsewa akangoti zii, musayambe mwayamika. Siyani chimene mukuchita, thamangani, mukatsegule.